Manati Atatu a Che Jawadu

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi
Che Jawadu ananyamula zikwama za eni
pa kapinga wa hotela, kuseri kwa milambe,
akunong'oneza alendo: apa nthaka yapendekera kumanzere, bwana,
musamenye, ingokankhani.
Iwo eni ake sanagundepo mpira alendo akuona.
Lolemba lokha, m'mamawa,
wothirira asanatsegule mipopi.

Lero dzanja lawo lamanja limanjenjemera.
Tiyi amamwa theka, theka linalo amamwa ndi malaya.
Anandipeza m'shedi yanga, kuseri kwa depoti ya Mangochi,
kumene ndimawotcherera mageti ndi makaliyala a kabaza,
atakulunga m'chitenje ndodo ya gofu yothyoka khosi,
ija yolowetsera mpira m'dzenje,
imene mlendo wina anataya mtima utamupsa.
Akuti: Swaleyi, ndodo iyi mutu wake sukumva.
Dzanja likati uku, iwo ukuti uko.

Ine gofu sindimudziwa. Ndimadziwa chitsulo.
Ndinadula chidutswa cha sipuling'i ya lole,
ndinapala ndi gilayinda mpaka magetsi anazima,
ndinamalizira ndi tupa, thukuta likudontha pachigongono.
Kumsana kwake ndinagoneka bawuti yotalika ngati chala,
pa bawutipo manati atatu oyenda,
kuti kulemera kukhale ndi miyendo:
kukafuna kupite kuchidendene,
kukafuna kuchala,
kukatopa kukhale pamchombo.

Sikelo tinabwereka kwa Abiti Makwinja.
Anatipenya kuchokera kumutu mpaka kumapazi
poona amuna awiri a ndevu zawo
akuyeza manati m'mbale yake ya nyemba,
akukangana za washala imodzi.

Bwalo lathu linali khonde la simenti,
kapinga wathu chiguduli,
dzenje lathu chitini cha mkaka chogoneka chammbali.
Ana a kumadirasa anaima pamzere, mabuku kukhwapa.
Mpira unathawira kumanja, kukalowa m'ngalande.
Ndinasuntha nati imodzi ndi sipanala ya teni.
Unathawira kumanzere.
Ndinabweza theka la ulusi.
Unaima panjira, ngati wakumbuka kuti sunatseke chitseko.

Ndinkafuna kupeza malo amodzi, oona,
ndiwotchererepo manatiwo, nkhani ithe, ndibwerere ku mageti.
Tsiku lachinayi m'pamene ndinaona
kuti dzanjalo silinjenjemera mofanana.
M'mawa limangogwedera ngati tsamba la chinangwa.
Dzuwa la Okutobala likafika paliwombo limavina lokha.
Mwana wawo wa ku Joni akaimba foni limadekha,
akatha sabata osaimba, ngakhale chipewa chimawavuta kuvula.
Ungawotcherere bwanji chinthu cha dzulo
pa munthu amene lero wadzuka wina?

Ndinazimitsa makina.
Sipanala ija ndinaimanga ku chingwe cha nsapato
n'kuwapatsa m'manja.

Anatambasula dzanja, kulipenya nthawi yaitali
monga mlimi apenyera mitambo.
Anakankhira manati awiri kuchidendene, imodzi anaisiya pakati.
Mutu wolemerawo unakoka mkono pansi,
kunjenjemera kunatsika ndi ndodo, kukafika kuchitsulo kutatopa.
Mpira unanyamuka pang'onopang'ono,
ngati munthu wopita kukapempha ngongole kwa mlamu wake,
unazengereza pa msoko wa chiguduli,
kenaka, ngo!
m'chitini.

Ana anakuwa. Iwo ayi.
Anangofunsa kuti zingati.
Ndinatchula mtengo wa manati atatu ndi bawuti,
tupa ndi thukuta sindinawerengere.
Akuti Lolemba mlonda wa pageti ndi mphwawo.

Adhana itamveka ananyamuka kulowera kumlatho,
akutsamira ndodoyo ngati yoyendera,
chitsulo changa chikugogoda phula.
Ndinakuwa: Che Jawadu, mupindanso khosi limenelo!
Sanatembenuke.
Anangokweza sipanala m'mwamba,
ikunjenjemera, ikung'anima.