Jasimini wa pa Lendi

Ndinakuba, ndivomere.
Unali kanthambi kotalika ngati chala chamkombaphala,
ndinakuthyola pa mpanda wa abwana ku Namiwawa
tsiku lomwe ndinkadulira maluwa awo ndi sizasi yobuntha,
n'kukubisa m'thumba la ovolosi
pamodzi ndi chenji cha minibasi.

Kuno ku Chilobwe dothi n'louma ngati njerwa.
Ndinakubzala m'chitini cha penti
chimene ndinachiboola kunsi ndi msomali.
Manyowa ndinakapempha kwa a Kambalame oweta nkhunda,
iwo n'kuseka mpaka kutsokomola:
"Kodi zimenezo mudzathyola ndiwo?"

Masabata asanu ndi awiri unangoti duu.
Mipope itayamba kutulutsa mpweya wokhawokha
ndinkakupatsa madzi otsukira mpunga,
ena otsala m'beseni Mwandida akasamba,
kapu imodzi m'mawa, theka madzulo,
mkazi wanga akuwerenga ndi maso.

Kenaka kamphukira,
kofiirira ngati khutu la mbewa yakhanda.

Ndinakuika pansi, pambali pa khonde.
Ndinapita kukatola waya wa m'tayala lopsa,
n'kumukhoma kuchokera pa zenera kukafika ku malata,
n'kukumanga ndi nsanza za chitenje chakale,
mosathina, kuti khosi lako lipume.
Iwe wosamva,
ndikakulozera kumanja, umagwira chingwe choyanikira zovala.
Nsabwe zitakuunjirira kunsi kwa masamba
ndinazitsuka ndi sopo ndi madzi a fodya wa labu.
Mbuzi ya aneba inakudya kawiri.
Chiperoni chinatsika m'phiri la Soche
n'kukunyowetsa masiku anayi osaona dzuwa,
ine chimfine, iwe phee, kungokwera.

Unandiphunzitsa kudula chimene ndimachikonda.
Pamene ndadula ndi pamene umabala nthambi ziwiri.

Chaka chachiwiri, Ogasiti akutha,
magetsi atazima monga mwa nthawi zonse,
tinali pa khonde, mbaula ikuzirala.
Mwandida anati, "Ababa, kwabwera mlendo kodi?"
Panalibe mlendo.
Unali iwe, timaluwa toyera ngati mano a khanda,
kafungo kako katagonjetsa ngalande yakuseri,
katagonjetsa utsi wa makala ndi mafuta a tchipisi a pamsewu.
Mkazi wanga sanayankhule.
Anatenga jagi yodzaza, madzi ogula pa kiyosiki,
n'kukuthira yonse.

Tsopano a Kambalame amachedwa akamadutsa,
amanamizira kumanga nsapato yopanda zingwe.

Dzulo a landilodi akweza lendi.
Akuti nyumba yakongola.
Mwezi ukatha tikusamukira ku Bangwe,
ndipo mizu yako yalowa kale pansi pa maziko,
sungakwere matola ndi mipando.

Usadandaule ukamva sizasi mbandakucha.
Ndi ine ndemwe, wakuba uja,
ndabwera ndi chitini china cha penti.