Ntchafu ya Atate

Ntchafu ya kumanja ya atate ilibe ubweya.
Inasalala ngati mwala wa mu Lutembwe
umene madzi akhala akuunyambita.
Luzi ndilo linadya,
zaka makumi atatu za kupota chingwe.

Mombo sausenda wonse, ankatero
tikakwera phiri kuseri kwa Chiparamba,
umang'amba mbali imodzi,
inayo uusiyire malaya.
Ukadzabwera chaka chamawa
udzapeza bala litapola.

Tinkaviika m'dambo masiku atatu.
Fungo lake, ngakhale agalu ankatisiya tokha.
Kenako kusasantha, kung'amba ndi mano,
kulavulira m'manja,
kupota.

Cha mbuzi, makwacha asanu.
Cha ng'ombe zapangolo, khumi ndi asanu,
ngati wogula sanayambe ndi kudandaula za mvula.
Yunifolomu yanga ya giredi seveni
inali zingwe makumi awiri.
Chifuwa cha mlongo wanga Tikambenji
chinadya zisanu ndi tambala mmodzi.

Lero pamsika wa Kapata
palendewera zabuluu, zanayiloni,
zosaola, zonyozedwa ndi chiswe.
Bambo wina wa ku Mtenguleni anagwira chathu,
nachikoka, nachinunkhiza,
ichi ndiye chingwe, anatero,
nagula chabuluu.

Mitengo nayo inakwera njinga
m'matumba a makala, kutsikira m'tauni.
Mombo wapafupi tsopano
umauona dzuwa litafika paliwombo,
miyendo itayamba kale kukufunsa mafunso.

Koma dzana kunabwera a Dailesi Sakala,
mbuzi yawo itachekeka khosi,
nayiloni italowa m'mnofu ngati mpeni.
Ndipotereni zinayi, anatero,
ndalama ndikagulitsa mtedza.

Atate anayang'ana manja awo.
Masiku ano amanjenjemera,
kapu ya tiyi imafika pakamwa ili theka.

Ine, wopalasa anthu panjinga m'Chipata,
wa buluku lositasita,
ndinakhala pa chitsa, n'kupinda mwendo wa buluku,
n'kulavulira m'manja.

Luzi linagwira ubweya.
Ndinakuwa ngati ndaponda moto.
Chingwecho chinatuluka chopindikapindika,
pena chonenepa, pena ngati mchira wa khoswe.

Atate anaseka mpaka kutsokomola,
nkhuku zinabalalika pabwalo.
Pota, anatero, akupukuta misozi.
Ubweya ndiwo umayamba kuchoka.
Ndalama imabwera pambuyo,
ikafuna.