Bokosi la Nsapato

Chimwalirireni a Tveit mu Januwale
mpando wa woweruza wangokhala.
Kapu yawo ya khofi idakali pawindo.
Ine Marlys, mlembi wa khoti,
ndimaupukuta fumbi Lachiwiri lililonse.

Milandu ikudikira m'bokosi la nsapato.
Galu wa a Knutson anayenda wopanda chingwe: madola makumi awiri.
Mayi wamasiye wa pa Msewu Wachitatu
sanachotse chipale chofewa pakhomo pake.
Mnyamata wa kugalaja anaimika thiraki pamalo a ambulansi.
Muno mu Velder, ku North Dakota, mulibe zigawenga.
Tilipo anthu mazana asanu, ndi mphepo.

Khonsolo inamata chikalata kupositi:
maola anayi pamwezi,
malipiro ongokwanira mafuta a galimoto.
Loya wa kumzinda anaseka pafoni.
Wogulitsa misomali anati,
"Ndiwalipiritse faindi m'mawa, masana adzagule kwa ine?"

Amene anabwera ndi mayi Lorna Bjelland,
zaka makumi atatu akuyendetsa basi ya sukulu.
Theka la tauni ino analikhazikapo chete
ndi diso limodzi pagalasi.
Analumbira atavala jombo zonyowa.

Pepala loyamba m'bokosi linali lawo lomwe:
kuthamangitsa galimoto pafupi ndi nkhokwe za tirigu.
Anawerenga dzina lawo mokweza.
"Uwu sindingauweruze," anatero,
natsegula kachikwama.

Ndinalemba lisiti, ndikuluma mlomo.
Kumbuyo, a Knutson anavula chipewa
nayamba kufufuza m'matumba.