Galimoto ya Eusebio

Lamlungu m'mawa ku Havana,
mphepo ya kunyanja yabwera ndi mchere wake.
Eusebio wagwada pambali pa galimoto
imene bambo ake anamusiyira pamodzi ndi ngongole.

Kachitini ka phula wakatsegula ndi mpeni.
Akupaka mozunguliza, pang'onopang'ono,
ngati akudzoza mafuta khanda longosamba kumene.
Dzimbiri, akutero, siligogoda;
limalowera pomwe waiwala.

Odalys ali pakhonde, khofi wazizira.
“Ine simunandisisitepo chonchi!”
Iye akungoseka, akupukuta ndi malaya akutha
mpaka utoto wobiriwira uli waliwali,
ndipo m'chitseko mukuoneka msewu wonse,
mitambo, zovala zoyanika, mkazi wake,
ndi nkhalamba ina ya imvi
imene akukanitsitsa kuti si iye.