Buku la Maminitsi

Mwandiitana kuti ndinene mbiri ya bungwe lanu,
inu maloya a lero, a mafoni awiriawiri.
Ine sindine loya. Ndinali wotayipa chabe,
koma buku loyamba ndinalemba ndine,
ndipo chiswe chinadya kuyambira tsamba lachisanu ndi chiwiri.
Zotsalazo zili m'mutu muno, muziputa pang'onopang'ono.

Anali anayi. Chipinda chinali cha lendi,
pamwamba pa sitolo ya nsalu ku Bwalo la Njobvu,
windo limodzi, loyang'ana kwa osoka nsapato.
A Kadzakumanja anabwera ndi mipando,
a Chimbalanga ketulo yodontha,
a Nkhwazi sanabweretse kanthu koma mawu,
ndipo Mai Kamphinda, mkazi yekhayo,
anawasankha kukhala msungichuma
poti chumacho kunalibe.

Mkanjo wakuda wosang'ambika unali umodzi.
Ankabwerekana.
Wamtali unkamulekeza m'mawondo,
wamfupi ankasesa nawo khonde la khothi,
thukuta la onse linakumana pakolala imodzi.

Masiku amenewo kunali mabwalo ena
kumene loya sankaloledwa kutsegula pakamwa.
Munthu ankalowa yekha, mlandu wake wa chingwe,
manja ali kumbuyo.
Tsiku lina a Nkhwazi anakaima panja, pansi pa kesha,
chikwama chili m'khwapa, khutu lili pawindo,
kuyambira m'mawa mpaka chigamulo.
Atabwerera anati, Lemba.
Ndinaika zala pamakina. Ndinadikira.
Sananene kanthu.
Ndi tsamba lachisanu ndi chimodzi, loyera mpaka lero.
Chiswe nacho chinalilambalala.

Lachiwiri ku Nathenje, Lachinayi ku Mitundu,
kwa Nkukula tikamva kuti majisitireti wapeza mafuta.
Pijo ya a Chimbalanga inkatitimira m'matope,
ine makina ali pamiyendo ngati mwana wodwala,
mafayilo titawakulunga m'pepala la shuga.
Ku Mitundu kuja denga linkadontha pa mboni penipeni,
munthu ankalumbira atagwira Baibulo dzanja lino, ambulera linalo.

Mayi wina wamasiye, Nasiwelo,
alamu ake anamusasulira malata maliro asanazizire.
Mai Kamphinda anayankhula maola awiri osamwa madzi.
Malata anabwerera khumi ndi anayi, awiri anasowa.
Malipiro: nkhunda ziwiri m'dengu.
Ndinalemba m'buku kuti zalandiridwa.
Imodzi inathawira padenga la sitolo,
ndinalembanso kuti yathawa.

Kenako mphepo inatembenuka.
Anthu anavota, mabwalo aja anatsekedwa,
pakamwa panatseguka, ena mpaka kuiwala kutseka.
Munachuluka. Munawoloka Lingadzi,
munakwera nyumba zagalasi zokhala ndi zikepe,
aliyense mkanjo wakewake, wonunkhira sopo.
Sindikudandaula ayi. Ndimanyadira ndikakuonani.

A Kadzakumanja tinawaika ku Kawale.
A Chimbalanga kwawo ku Mpingu, mvula ikugwa,
galimoto ya maliro inatitimiranso, tinaseka tikulira.
A Nkhwazi mawu anawathawa chaka chathunthu asanapite.
Mai Kamphinda alipo ku Biwi, sandizindikiranso,
koma mukati Khothi! amayesa kudzuka.

Tsono musanawombe m'manja, imvani ichi.
Pa tsamba lachinayi pali dzina, Faindani Mwatsika,
wa ku Chigwirizano, mlandu wa mbuzi.
Fayilo yake inasochera pakati pa polisi ndi khothi,
iye anadikira ku Maula zaka zisanu
mlandu wa miyezi isanu ndi umodzi.
Tinamutulutsa, inde, tsitsi litayera.
Anatithokoza. Ndicho chimandiwawa.

Dzulo ndadutsa pa Maula pa minibasi.
Azimayi anali pamzere ndi timakontena tawo.
M'katimo muli Faindani wina, sindimudziwa dzina,
fayilo yake ili pansi pa mwendo wa tebulo la wina
kuti tebulolo lisagwedere.

Bukuli nali, tengani. Gwirani bwino, chikuto chinachoka.
Kumapeto kuli masamba atatu amene chiswe sichinafike.
Ndani mwa inu ali ndi cholembera?