Theka la Piritsi

Jawadu wanga anabadwa ndi njuchi m'miyendo.
Ku madarasa ankati ndi majini,
kusukulu ankati ndi mwano.
Nthyole zomwe ndinathyolera pamsana pake
ndimachita manyazi kuziwerenga.

Adokotala a pa chipatala cha boma sanamukalipire
atakwera ndi kutsika pa sikelo kasanu.
Anangoti mutu wake ndi wailesi
yogwira masiteshoni onse nthawi imodzi.
Theka m'mawa, akadya. Osapitirira.

Tsopano ndimadula piritsi ndi lezala
ndisanatulutse njinga ya kabaza.
Kanthu kochepa ngati njere ya mpunga.

Dzulo wamaliza tsamba lonse la samu
atakhala pansi, phee.
Koma chitumbuwa chabwerera m'chikwama
chosalumidwa,
ndipo pa mlatho wa Shire, ali kumbuyo kwanga,
sanafunse kuti mvuu zimagona bwanji.
Ndinachepetsa liwiro, kudikira funso.
Silinabwere.

Mankhwala atatha mphamvu
anagubuduza ndowa, nathamangitsa abakha a eni,
mayi ake akukuwa.
Ine ndinazembera kuseri kukaseka ndekha.

Lachinayi tibwerera kuchipatala.
Ndikafunsa ngati kuli theka la theka.