Kapepala ka M'thumba la Jekete

Belo ndinadula Lachiwiri pa Kamwendo.
Waya analira, zovala zinafufuma,
fungo la mankhwala, fungo la nyumba za eni.
Pansi penipeni panali jekete ya mwana, yofiira, zipi yakufa,
m'thumba mwake kapepala kopinda kanayi.

Ndinkayesa ndalama. Ndinamirenji.

Munali timizere ta pensulo,
timakona, timabokosi, tina tozungulira ngati zibangili,
kukhala ngati nyumba zomwe mmisiri anazisiyira pa windo.
Pambali pake nyenyezi yofiira ya aphunzitsi.
Imeneyo yokha ndinaiwerenga popanda wondithandiza.

Fatsani, mwana wa achemwali, anakajambula pa foni,
nakaima kuseri kwa chigayo komwe netiweki imagwira.
Anabwerako akuseka.
Akuti mayi aang'ono, ichi ndi Chikoreya,
ndi a e i o u wa ana akumeneko.
Malembo opanda liwu khumi ndi anayi,
malembo a liwu khumi, basi.
Ndinati werenga, makasitomala kulibe.

ㄱ akuti ndi lilime likatseka kukhosi.
Ine ndinaona khasu lokoleka pa phaso.
ㄴ ndi lilime lomwelo likakhudza nkhama,
ㅁ ndi pakamwa, milomo itakumana poitana mayi,
ㅅ ndi dzino.
Ndinagwira langa logwedera lija.
Ndiye kuti anthu amenewa anayang'ana m'kamwa mwawo
n'kujambula zomwe anapezamo?

Pa ㄹ m'pamene ndinawomba m'manja.
Lembo limodzi lomweli ndi la, ndi ra,
palibe mlandu.
A Kamtengeni, kumanda komwe muliko, mwamva?
Zikoti zonse zija za Sitandade 5,
kundipinda lilime chifukwa cha Chingerezi,
kumeneko ine bwenzi ndili nambala wani.

ㅇ likakhala kutsogolo silinena kanthu,
limangosungira mnzake malo
ngati mlamu wanga pa mzere wa feteleza.
Koma litsike pansi, limalira ng',
ng'ombe yoyamba kulira n'kusintha maganizo.

A liwu aja ndiye sanachokere m'kamwa.
Mzere wogona ndi dziko.
Mzere woimirira ndi munthu.
Kotsalako, kakang'onoko, akuti ndi thambo,
thambo lonseli kulichepetsa chonchi!
Munthu waima, thambo kudzanja lake ili: ㅏ, a.
Thambo pamwamba pa dziko: ㅗ, o.
Likakhala pansi pake, ㅜ, u,
ngati dzuwa likamamira cha ku Chipata
ife tikulongedza m'matumba zomwe sizinagulidwe.

Ndipo sayenda mondondozana ngati athu.
Amasanjikizana, awiri, atatu, ngati njerwa pa uvuni,
wina pambali, wina pansi kusenza anzake,
phatikizo lililonse kachipinda kake.

Mwanayo mzere wachitatu anafufuta kwambiri,
pepala linatsala pang'ono kubooka.
Sindikudziwa ngati analira.
Sindikudziwa ngati amake anasecha m'matumba
asanapereke jekete,
kapena pano ndi bambo wa ndevu woyendetsa basi
amene anaiwala kuti ㄹ ankamuvuta.

Ndinati Fatsani, yamba dzina langa.
Anatola kamtengo, nalemba pafumbi:
lilime pa nkhama, munthu pambali, thambo kudzanja.
나
Na, wa Nangozo.
Kenaka anayang'ananso pa foni n'kukhala chete pang'ono.
Akuti kwawoko, mawu amenewa paokha amatanthauza ine.

Njinga ya kabaza inadutsa n'kupondapo.
Ndinalembanso ndekha, mokhota.

Jekete anagula mayi wa ku Mkanda Loweruka,
tinakanganirana zipi, ndinamuchotsera faivi handiredi.
Mwana wake anaivala pomwepo, dzuwa lili pamutu,
manja onse awiri m'matumba.
Kapepala ndiye sindinagulitse.
Kali m'kachikwama ka m'chiuno, pamodzi ndi chenje,
ndipo msika ukazizira ndimakatulutsa,
ga, na, da,
mnzanga wa nsapato akundiyang'ana ngati ndayamba misala.